Mutu 6: Kujambula Zimene Maso Akuona

Mawu oyamba

Mphunzitsi mnzanga, tisanapite patali ndikufunseni funso limodzi. Kodi ndi liti pamene mudajambulapo chinthu chili pamaso panu, mukuchiyang'ana? Sindikunena zokopera chithunzi cha m'buku pabolodi ayi. Ndikunena zotenga kapu, khasu kapena tsamba, kuika patsogolo panu, n'kujambula monga momwe chinthucho chilili. Aphunzitsi ambiri amene ndimakumana nawo, kaya ndi a ku Gaza m'tauni ya Chipinge, kaya ndi a ku Hauna m'chigwa cha Honde, amangoseka akamva funsoli. Yankho lawo limakhala limodzi: "Ine zojambula ayi, sindidabadwe nazo."

Yankho limeneli amavutika nalo ndi ana. Mphunzitsi woopa pensulo, nthawi ya zaluso ikakwana amauza ana kuti amalize masamu, mwinanso amawatulutsa kuti akasese pabwalo. Chikhalirecho phunziroli lili pandondomeko. Mu 2017 silabasi yatsopano ya ku Zimbabwe idaika Visual and Performing Arts pakati pa maphunziro a ku pulayimale, ndipo ku Malawi phunziro la Expressive Arts lidabwera ndi silabasi imene idayamba mu 2007. Nanga mwana aphunzira bwanji ngati mphunzitsi wake sadayeserepo?

Inu mukuphunzira muli kwanu, kutali ndi koleji, popanda wina woima pambali panu kuti akukonzeni dzanja. Mutu uno walembedwa poganizira zimenezo. Mfundo yake ndi imodzi basi: chimene chimatilepheretsa kujambula si dzanja, koma kayang'anidwe kathu, ndipo kayang'anidwe munthu amachita kuphunzira.

Zolinga

Pomaliza pa mutu uno mudzatha:
• kufotokoza kusiyana kwa kujambula za m'mutu ndi kujambula zimene mukuona
• kukonza zipangizo zojambulira kuchokera ku zinthu zopezeka pakhomo
• kugwiritsa ntchito njira zisanu zophunzitsira maso
• kutsata ndondomeko ya masabata anayi yodziphunzitsa nokha
• kuphunzitsa ophunzira anu kujambula poyang'ana chinthu chenicheni

Zipangizo

Musadikire kuti mupite kaye ku Mutare kukagula zipangizo. Pensulo wamba ya kusukulu, yolembedwa HB, ndi yokwanira. Mukapeza yolembedwa 2B kapena 4B, dziwani kuti imeneyo ndi yofewa ndipo imadetsa kwambiri, pamene ya chilembo cha H ndi yolimba ndipo mzere wake umaoneka patalipatali. Bolopeni nayonso imagwira ntchito, ndipo ubwino wake ndi wakuti siyikulolani kufufuta.

Pepala lililonse lopanda mizere ndi labwino: kuseri kwa kalendala yakale, katoni yong'amba bwino, kapena pepala la mkati mwa thumba la simenti mutalikutumula. Dulani mapepalawo mofanana, muwasoke ndi ulusi kuti akhale kope. Kope limeneli likhale la zojambula zokha.

Makala ojambulira mungathe kupanga nokha. Dulani timitengo towongoka, tonenepa ngati pensulo, ta bulugamu kapena mtengo wina wosalimba kwambiri. Tisendeni makungwa, mutiike m'chitini chokhala ndi chivundikiro, muboole kabowo kamodzi ndi msomali pachivundikiropo, ndipo muike chitinicho pamoto. Utsi ukaleka kutuluka pakabowo, phulani chitinicho, koma musachitsekule mpaka chitazizira. Mukafulumira kutsekula, mpweya ulowa ndipo makalawo ayaka n'kusanduka phulusa.

Labala musayitaye, koma sabata yoyamba ibisaleni kutali. Mzere ukalakwika, lembani wina wolondola pambali pake. Mukatero mumaona pamene munaphonya.

Ntchito 1

Tengani pepala ndi kulipinda pakati. Kumanzere jambulani nsonga ya tiyi imene amathyola, masamba awiri ndi kamphukira, osayang'ana paliponse. Ngati kwanu kulibe tiyi, jambulani kanthambi ka gwafa kapena ka pichesi. Mukamaliza, pitani mukatenge kanthambi kenikeniko, mukaike patebulo, ndipo mukajambule kumanja kwa pepala lomwelo. Musafulumire, mphindi khumi zithe. Kenaka lembani zinthu zitatu zimene zili pachithunzi chachiwiri koma pachoyamba palibe.

Musapitirire kuwerenga musanachite ntchitoyi.

N'chifukwa chiyani timajambula zosaona?

Ndikhulupirira kuti chithunzi chanu choyamba chili ndi masamba osalala m'mphepete, ofanana kukula, oyang'anizana awiriawiri, ndipo mzere wowongoka wadutsa pakati pa tsamba lililonse. Ngati ndi choncho, musadandaule. Inenso zidandichitikira, pamaso pa anthu.

Chaka china ndinkaphunzitsa sukulu ya kwacha pakomboni ina ya pa esiteti ya tiyi. Ophunzira anga ambiri adali amayi othyola tiyi, ena mwa iwo ana ndi zidzukulu za anthu amene adachokera ku Malawi ndi ku Mozambique kudzafuna ntchito. Pofuna kuphunzitsa mawu akuti "tiyi", ndidajambula nsonga ya tiyi pabolodi. Mayi wina wachikulire, amene adali asanadziwe n'komwe kulemba dzina lake, adayang'ana bolodi nthawi yaitali, kenaka n'kunena mwaulemu kuti, "Pepani aphunzitsi, ameneyo si tiyi. Kapenatu ndi mango." Anzake adaseka. Tsiku lotsatira adandibweretsera kanthambi ndipo adandionetsa ndi chala kuti tsamba la tiyi lili ndi timano tating'onoting'ono m'mphepete, kuti masamba ake sayang'anizana koma amamera mosinthana, lina kuno lina uko, ndiponso kuti kamphukira kamakhala kokulungika, kosongoka. Ine ndinkadutsa m'munda wa tiyi tsiku lililonse, koma tiyi ndidali ndisanamuone. Mayiwo ndiwo adamuona, chifukwa chakudya cha ana awo chinkachokera m'maso mwawo.

Chimachitika n'chiyani? Tikali ana, aliyense amapeza chizindikiro cha chinthu chilichonse. Mtengo ndi ndodo yokhala ndi mpira pamwamba. Nyumba ndi bokosi lovala chisoti. Diso ndi kansomba kokhala ndi kadontho pakati. Zizindikiro zimenezi zimatithandiza kujambula msanga, ndipo anthu amazizindikira. Vuto ndi lakuti tikakula zimakhalabe m'mutu. Diso likangoona chinthu, mutu umafulumira kunena kuti, "Ndachidziwa, ndi tsamba," ndipo dzanja limalemba chizindikiro chakale chija, diso lisanamalize ntchito yake.

Inu amene mudaphunzitsapo kuwerenga mukuzidziwa kale zimenezi. Kapu ndi kapu basi, kaya khutu lake lili kumanja kaya kumanzere. N'chifukwa chake wophunzira watsopano, mwana ngakhalenso wamkulu, amasokoneza b ndi d. Moyo wake wonse sipadafunikepo kuti asamale kumene chinthu chaloza. Kodi munthu wotere mumamuuza kuti sadabadwe ndi luso lowerenga? Ayi ndithu. Mumamuphunzitsa kuyang'ana kumene mimba ya chilembo ili. Kujambula n'chimodzimodzi. Paja akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Njira zisanu zotsatirazi cholinga chake n'chimodzi: kuchedwetsa mutu kuti diso lipeze mpata.

Njira yoyamba: kutsata mphepete

Ikani dzanja lanu lamanzere patebulo, zala mutazipinda pang'ono. Ngati mumalemba ndi lamanzere, ikani lamanja. Yang'anani malo amodzi m'mphepete mwa dzanjalo, ikani nsonga ya pensulo papepala, ndipo muyendetse diso pang'onopang'ono ngati nyerere ikukwawa m'mphepete mwa chala. Pensulo iziyenda limodzi ndi diso. Diso likakwera kaphiri ka mfundo ya chala, pensulo ikwerenso. Lamulo lake ndi ili: musayang'ane papepala mpaka mphindi zisanu zitatha.

Chimene chituluke chidzakhala chokhotakhota, mwina zala zidzapiringizana. Palibe kanthu. Yang'anitsitsani mizereyo ndipo mudzapeza kuti ina mwa iyo ndi yamoyo kuposa mizere yonse imene mudajambulapo kale, chifukwa yachokera pachala chenicheni. Njira imeneyi adaitchukitsa ndi mphunzitsi wa zaluso wa ku New York, Kimon Nicolaides, m'buku lake limene lidatuluka mu 1941. Mukaichita masiku angapo, yambani kuyang'ana papepala mwa apo ndi apo, koma nthawi yambiri diso likhale pachinthucho.

Mphunzitsi wina wa ku America, Betty Edwards, m'buku lake la mu 1979 adaonjezapo nzeru ina: tengani chithunzi cha munthu cha m'nyuzipepala, muchizondotse, mutu pansi miyendo m'mwamba, ndipo muchikopere chili chozondoka chomwecho. Mutu ukalephera kutchula kuti iyi ndi mphuno, ili ndi khutu, umakhala chete, ndipo inu mumangoona mizere ndi kumene ikulowera. Yesani. Mudabwa mukadzachitembenuza.

Njira yachiwiri: kuyeza ndi pensulo

Zithunzi zambiri zimalakwika osati chifukwa mizere ndi yoipa, koma chifukwa zigawo zake sizikugwirizana kukula. Mtondo umatuluka waufupi ngati mphika, kapena ketulo imakhala ndi mlomo wautali ngati wa kakowa.

Ikani mtondo kapena mtsuko pamtunda wa mapazi asanu ndi limodzi kuchokera pamene mwakhala. Tambasulani mkono wonse, chigongono chisapindike. Tsinzinani diso limodzi. Gwirani pensulo chopingasa kuti nsonga yake ifanane ndi mbali imodzi ya kukamwa kwa mtondo, ndipo sunthani chala chachikulu mpaka chifanane ndi mbali inayo. Umenewo ndiwo muyezo wanu. Tsopano imikani pensuloyo, chala chisasunthe, ndipo muwerenge kuti muyezowo ukulowa kangati m'litali mwa mtondo. Ngati ukulowa kawiri ndi theka, papepala panunso litali likhale kawiri ndi theka kuposa kukamwa. Ikani timadontho poyamba, mizere pambuyo.

Mukapinda chigongono kapena kusuntha mpando, muyezo wonse wasokonekera. Ichi ndicho cholakwa chimene ophunzira ambiri amachita.

Pali chinanso chimene muyezo umaulula. Aliyense amadziwa kuti kukamwa kwa mphika n'kozungulira, choncho amajambula bwalo lathunthu. Koma tengani mbale, muigwire chafufumimba patsogolo panu, pansi pa chibwano. Mukuona kuti yaphwatalala ngati dzira logona? Ikwezeni pang'onopang'ono. Ikunka niphwatalala, ndipo ikafika polingana ndi maso anu yasanduka mzere umodzi. Mbale sinasinthe. Chasintha ndi pamene diso lanu lili. Jambulani zimene mukuona pamalo atatu amenewa, ndipo samalani kuti nsonga za dziralo zikhale zobulungira, osati zosongoka.

Njira yachitatu: kujambula mipata

Ikani mpando wamatabwa kapena njinga pafupi ndi khoma. M'malo mojambula mpando, jambulani mipata imene ili pakati pa miyendo yake ndi pakati pa matabwa a kumsana. Detsani mipatayo ndi makala, mpando muusiye woyera. Poti mpata ulibe dzina, mutu wanu ulibe chizindikiro chake, ndiye simungachitire mwina koma kuyang'ana. Mipata ikalondola, mpando umangotulukira wokha.

Kuti izi zikhale zosavuta, dulani kawindo kangodya zinayi pakatoni ya tiyi kapena ya sopo, kofanana maonekedwe ndi pepala lanu. Mukasuzumira pakawindoko mumaona malire a chithunzi chanu, ndipo mumadziwa choika ndi chosiya. A ku Honde, kumene nthochi zili paliponse, yeserani pa mipata ya thambo imene imaoneka pakati pa masamba ong'ambika a nthochi.

Ntchito 2

Sankhani chinthu chimodzi cha kukhitchini chokhala ndi chogwirira, monga ketulo, kapu kapena poto. Chijambuleni katatu patsamba limodzi: koyamba potsata mphepete osayang'ana papepala, kachiwiri mutayeza ndi pensulo, kachitatu poyamba ndi mpata wa m'kati mwa chogwiriracho. Ndi chithunzi chiti chimene chafanana kwambiri ndi chinthucho? Lembani chifukwa chake m'ziganizo ziwiri.

Njira yachinayi: kuwala ndi mdima

Mzere umationetsa malire a chinthu, koma chimene chimachititsa kuti chioneke chonenepa, choti n'kuchigwira, ndi kuwala ndi mdima. Kuti muphunzire bwino, kuwala kuchokere mbali imodzi yokha. Khalani pafupi ndi windo m'mawa kapena madzulo, kapena usiku yatsani kandulo imodzi. Dzuwa la masana lili pamutu silithandiza kwenikweni.

Ikani dzira kapena peyala papepala loyera. Tsinzinani pang'ono maso onse awiri mpaka muziona mwachimbuuzi. Tizinthu ting'onoting'ono tizimiririka, ndipo patsala magawo atatu: powala, pakatikati, ndi pamdima. Powala siyani pepala loyera. Pakatikati detsani pang'ono. Pamdima detsani kwambiri, koma mochita kubwereza, osati mokanikiza pensulo kamodzi.

Tsopano yang'anitsitsani mbali yamdimayo. Cha pansi penipeni mupeza kuti pakuwalako pang'ono, chifukwa pepala loyera lija likubweza kuwala. Yang'ananinso chithunzithunzi chimene dzira laponya papepala. Chimada kwambiri pamene dzira lakhudza pepala, ndipo chimayamba pomwepo, sichisiya mpata. Mukasiya mpata, dzira lanu lidzaoneka ngati likuuluka.

Njira yachisanu: pafupi ndi patali

Pa njira imeneyi, inu okhala kufupi ndi minda ya tiyi muli ndi mwayi woposa ophunzira a m'mizinda. Tiyi akamusiya amakula n'kukhala mtengo, koma pa esiteti amamudulira kuti akhale wofika m'chiuno, wosalala pamwamba ngati tebulo. Imani pamsewu, muyang'ane kanjira kowongoka kodutsa pakati pa munda. Mukudziwa kuti kanjirako n'kofanana kukula kuyambira pano mpaka uko. Koma mukuona chiyani? Mbali zake ziwiri zikuyandikizana, ndipo pamalo athyathyathya zimakakumana patali polingana ndi maso anu. Zimenezi mudzazionanso pamizere ya nyumba za pakomboni, pamitengo ya magetsi, ndi pamizere ya bulugamu amene maesiteti amadzala kuti apeze nkhuni za kufakitale. Yambani ndi kulemba mzere wopingasa wosonyeza pamene maso anu alingana, kenaka yezani ndi pensulo kupendekeka kwa mizere inayo.

Chachiwiri, zinthu za patali zimaoneka zotuwa ndiponso zopanda tsatanetsatane, chifukwa pakati pa inu ndi izo pali mpweya wambiri, fumbi ndi chinyezi. Wa ku Honde akayang'ana chakumtunda kumene kuli phiri la Nyangani, lalitali kuposa onse m'Zimbabwe, la mamita 2,592, aona kuti mitengo ya pafupi ndi yakuda bii, zitunda za pakati n'zotuwirako, ndipo phiri la kumbuyo langotsala ngati utsi. Choncho makala ambiri athere pafupi, patali dzanja lipepuke.

Chachitatu, kukula kwa chinthu kumadziwika pochiyerekeza ndi china. Mukajambula mbawa yaikulu ija yotchedwa Big Tree, ya m'nkhalango ya Chirinda kufupi ndi Mount Selinda, popanda munthu patsinde pake, woona chithunzi adzayesa ndi mtengo wamba. Ikanipo munthu, ndipo mumuyeze kuti akulowa kangati m'tsindemo.

Anthu ndi ziweto

Zinthu zamoyo sizidikira. Yambani ndi zimene zakhazikika: galu ali mtulo, mwana akugona, agogo akusankha nyemba palichero. Pemphani kaye. Munthu wamkulu sitimangomuyang'anitsitsa osamuuza chifukwa chake, ndipo mukamaliza muonetseni.

Muyezo wa thupi la munthu ndi mutu wake. Wamkulu ataimirira, mutu umalowa m'thupi lonse kasanu ndi kawiri kapena kupitirira pang'ono. Khanda la chaka chimodzi umalowa pafupifupi kanayi kokha. N'chifukwa chake mwana wojambulidwa ndi muyezo wa wamkulu amaoneka ngati kankhalamba. Maso nawo ali pakati penipeni pa mutu, kuyeza kuchokera paliwombo mpaka kuchibwano, osati pamwamba monga ambiri amaikira. Simukukhulupirira? Tengani kalilole muyeze nkhope yanu.

Pa zinthu zoyenda, monga nkhuku kapena munthu akulima, dzipatseni theka la mphindi lokha. Musayambe ndi maso kapena nthenga. Funani mzere umodzi wosonyeza kumene thupi lapendekera. Mayi wothyola tiyi dengu lili kumsana amaweramira kutsogolo, ndipo dengu likamadzaza kuweramako kumasintha. Mukaupeza mzere umenewo, ngakhale nkhope palibe, aliyense wa pakomboni adzazindikira ntchito imene ikugwiridwa. Dzazani tsamba lonse ndi tizithunzi totere khumi kapena makumi awiri.

Machenjezo awiri. Munda wa esiteti ndi fakitale zili ndi eni ake, choncho musalowemo ndi kope popanda chilolezo, ndipo musachedwetse munthu amene malipiro ake amawerengera kulemera kwa masamba. Komanso m'makomboni ena muli gule wamkulu. Zimene zimaonekera pabwalo ndi zina, za kudambwe ndi zina. Funsani akuluakulu a mwambo musanajambule chilichonse chokhudza gule.

Ndondomeko ya masabata anayi

Ndikudziwa kuti nthawi ndi yochepa. Muli ndi makope oti muchonge, maphunziro oti mukonzekere, munda ndiponso banja. Sindikupemphani tsiku lathunthu. Mphindi 15 tsiku lililonse zimaposa maola atatu a Loweruka lokha, pakuti diso limaiwala msanga likapuma nthawi yaitali. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Sabata yoyamba: kutsata mphepete. Dzanja, phazi, nsapato yakutha, masamba osiyanasiyana.
Sabata yachiwiri: kuyeza ndi mipata. Ziwiya za kukhitchini, khasu, mpando, njinga.
Sabata yachitatu: kuwala ndi mdima. Dzira, zipatso, mtsuko, chitenje chokolekedwa pamsomali.
Sabata yachinayi: panja. Nyumba, msewu, munda, anthu ndi ziweto.

Patsamba lililonse lembani deti ndi chiganizo chimodzi chonena chimene mwaona lero chimene simunkachidziwa. Musang'ambe tsamba ngakhale limodzi, lingaipe bwanji. Poti mulibe mphunzitsi pafupi, kope lenilenilo ndilo lidzakuuzani ngati mukupita patsogolo. Njira ina yodzikonzera nokha ndi kuonetsa chithunzi chanu pakalilole, chifukwa zopendekeka zimene diso linazolowera zimaonekera pomwepo. Inanso ndi kufunsa mwini ntchito. Chithunzi cha khasu onetsani mlimi, cha dengu onetsani woluka. Monga mayi aja adandichitira, iwo sadzakunyengani.

Nanga za luso lobadwa nalo?

N'zoona kuti ena amagwira msanga kuposa anzawo, monga zimakhaliranso pa kuwerenga ndi pa masamu. Koma taonani zimene zidachitika ku Tengenenge, kufupi ndi Guruve. Mu 1966 mlimi wa fodya, Tom Blomefield, ulimi utavuta, adayamba kulimbikitsa antchito a pafamu kusema miyala imene inkapezeka pamalopo. Ambiri mwa iwo adali ochokera ku Malawi, Mozambique, Zambia ndi Angola, anthu osapita ku sukulu ya zaluso. Ziboliboli za ku Tengenenge zidafika poonetsedwa m'maiko a kutali. Zambiri mwa izo zidachokera m'miyambo ndi m'zikhulupiriro za osemawo, osati poyang'ana chinthu chili patsogolo, koma phunziro lake kwa ife ndi lakuti luso lidali mwa anthu wamba a pafamu, ndipo lidatuluka atapeza mpata wogwira ntchitoyo tsiku ndi tsiku.

Musaderenso nkhawa kuti pakhomo panu palibe chinthu choyenera kujambula. Albrecht Dürer, katswiri wa ku Germany, adajambula kalulu mu 1502, ndipo mu 1503 adajambula kachigunda ka udzu ndi zitsamba za m'thengo, zonga zimene timapalira m'munda n'kutaya. Zithunzi ziwirizi amazisunga ku Albertina, mumzinda wa Vienna, ndipo anthu amazidziwa dziko lonse. Udzuwo udalibe chachilendo. Chachilendo chidali kudekha kwa amene adauyang'ana.

Kupita nazo m'kalasi

Mukachita masabata anayi aja, ndiye mwakonzeka kuphunzitsa. Kumbukirani mfundo izi:
• Bweretsani zinthu zenizeni, gulu lililonse chake. Ana okha angathe kubweretsa masamba, zipatso ndi ziwiya.
• Musayambe ndi kujambula pabolodi. Mukatero ana onse akopera chanu, ndipo chinthu chenichenicho sachiyang'ananso.
• Asanagwire pensulo, akambirane kwa mphindi zitatu. Afunseni: "Mphepete mwake ndi mosalala kapena muli mano? Mbali yaitali ndi iti? Kuwala kukuchokera kuti?"
• Poona ntchito yawo, pewani kungoti "chokongola" kapena "choipa". Funsani kuti, "Tandionetsa pachinthupo pamene wauona mzere uwu."
• Ana a m'makalasi oyambirira asiyeni ajambule momasuka. Kuyeza ndi mithunzi ziyambe ndi okulirapo.
• Pansi pa chithunzi mwana alembe dzina la chinthucho m'chiyankhulo cha kwawo. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 amavomereza ziyankhulo 16, ndipo Chichewa ndi Chindau zili m'gulu limeneli. Mwana wa pakomboni asachite manyazi kulemba "dengu" pamene mnzake walemba m'Chindau.

Phindu lake silithera pa zaluso. Mwana amene waphunzira kuona timano ta tsamba adzajambula bwino zigawo za duwa pa sayansi, adzawerenga mapu mosamala, ndipo sadzafulumira kunena kuti "ndikudziwa kale" asanayang'ane.

Chidule

M'mutu uno mwaona kuti nthawi zambiri timajambula zizindikiro zimene tidasunga m'mutu tili ana, osati zimene zili pamaso pathu. Mwaphunzira njira zisanu zophunzitsira maso: kutsata mphepete, kuyeza ndi pensulo, kujambula mipata, kusiyanitsa kuwala ndi mdima, ndi kusiyanitsa pafupi ndi patali. Mwaonanso kuti zipangizo zili pakhomo pomwepo, ndipo chofunika ndi mphindi 15 patsiku.

Dziyeseni nokha

1. Fotokozani kufanana kumene kulipo pakati pa wophunzira wosokoneza b ndi d ndi munthu wojambula za m'mutu.
2. N'chifukwa chiyani mkono uyenera kukhala wotambasuka poyeza ndi pensulo?
3. Kodi kukamwa kwa mphika kumasintha bwanji maonekedwe pamene mphikawo ukukwezedwa kufika polingana ndi maso?
4. Tchulani zinthu ziwiri zimene zimachitika ku maonekedwe a chinthu chikakhala patali.
5. Konzani phunziro la mphindi 30 la kujambula tsamba, ndipo mulembe mafunso atatu amene mudzafunse ophunzira asanayambe.

Mukamaliza sabata yachinayi, bwererani ku Ntchito 1. Tengani kanthambi kena ka mtengo womwe uja, mukajambulenso, ndipo muike zithunzi zitatuzo pamodzi. Mudzabwere nazo, limodzi ndi kope lanu lonse, pa tsiku lokumana ndi mlangizi wanu.